Nsapato Zosalowa Madzi za a Kadontho

A Kadontho ndi pulambala, ndipo akwawa pansi pa masinki a anthu kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, koma m'tauni muno palibe amalitchula. Ili la Kadontho anadzipalira okha ndi pakamwa pawo. Ukawaitana kuti adzakonze mpope wa kukhitchini, iwo amayamba ayendera nyumba yonse khutu lili tcheru, ndipo akapeza podontha, ngakhale kuseri kwa chimbudzi kumene iwe sunasuzumireko chilowereni m'nyumbamo, amakukodola ndi chala. "Mwakaona aka? Kadontho aka kadzakugwetserani khoma." Ana a m'makomo anayamba kuwatsanzira, akuluakulu n'kutengera, dzina n'kukakamira.

Ndi bambo wamfupi wa mapewa otakata, pensulo kukhutu, kamimba kotsogola pang'ono. M'thumba mwawo mulimonse mumapezeka tepi yoyera yokulungira mapaipi, misomali iwiri itatu ndi timawashala. Akazi awo anasiya kalekale kudandaula. Asanachape amangokhuthulira zonse m'mbale yakale ili pawindo, ndipo tsiku lina anapeza sipanala yaing'ono m'jekete ya kutchalitchi. A Kadontho anati imeneyo inali ya mpope wa kuseri kwa tchalitchi, umene unkawasokoneza mapemphero.

Pa ntchito sakhulupirira mawu a munthu, kaya ndi wogulitsa kaya ndi olembedwa pa katoni. Akamanga paipi amatsegula madzi, n'kuyala pepala louma pansi pa cholumikizira, n'kukhala pa bokosi lawo la zitsulo kudikira. Mwini nyumba angachite kutsokomola, kuyang'ana wotchi, kunena kuti ali ndi ulendo, iwo sasuntha mpaka pepala litawauza zoona. N'chifukwa chake anthu amawadandaula kuti amachedwa, koma mpope ukaphulika amaimbira iwo omwewo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti munthu wa ntchito ya madziyu amaopa kunyowa mapazi kuposa mphaka. Ali mnyamata, akuphunzira ntchito, anakumba ngalande za mapaipi nyengo yonse ya mvula atavala jombo zong'ambika. Pakati pa zala panayera, panasweka, n'kusanduka zilonda, moti anayenda ndi zidendene miyezi iwiri. Kuyambira pamenepo analumbira. Jombo zawo za labala amaziyanika chozondoka pa timitengo ta mpanda, amazithira paudala ngati khanda, ndipo m'bokosi la zitsulo, pakati pa masipanala, mumakhala masokosi ouma okulungidwa m'pulasitiki. Malaya anyowe, thalauza inyowe, iwo alibe nazo kanthu. Phazi lokha ayi.

Ana ali nawo atatu. Anyamata awiri anakula n'kukayamba makomo awo. Mzime ndi mtsikana, amene amayeza magazi kuchipatala, ndipo kunyumba amamutchula Kamphepo chifukwa chiyambireni kuyenda sanayendepo pang'onopang'ono. Ali mwana, ukamutuma kugolosale unkangomva chitseko chikumenya, usanakhale pansi wabwera kale. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo analowa gulu la anthu amene amakwera phiri la kuseri kwa tauni Loweruka lililonse m'mawa, ena akuthamanga, ena akuyenda. A Kadontho zinawadabwitsa. Munthu wa sukulu yake, wodya bwino, kukathamanga m'miyala popanda womuthamangitsa! Komabe ankanyadira, ndipo zithunzi zake za pamwamba pa phiri ankazionetsa kwa eni nyumba ali chogona pansi pa sinki.

"Adadi, tiyeni mawa," Kamphepo ankatero, poyamba Lachisanu lililonse, kenako kamodzi pa mwezi, kenako mwa apo ndi apo.

"Loweruka linalo, mwanangu."

Sankanama. Pamene ankanena ankatsimikizadi mumtima. Vuto n'lakuti Loweruka ndi tsiku limene anthu amakhala pakhomo, ndiye ndi limene amaona kuti khoma la kubafa lanyowa. Foni inkayamba kulira isanakwane sikisi koloko. Giza ya madzi otentha yaphulika uku, chimbudzi chatsekeka uko, kwina alendo akubwera koma shawa ikungotsokomola. A Kadontho sadziwa kukana munthu amene madzi ali m'nyumba mwake. Ankakwera njinga yawo yamoto, bokosi kumbuyo, mwana n'kukwera phiri lake.

Ndiye kunabwera kalata. Kamphepo anamusamutsira ku chipatala china chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anaiwerenga pa tebulo madzulo onse akudya. Amayi ake anawomba m'manja chifukwa kunali kukwezedwa pa ntchito, kenako n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Zitatha zonsezo mtsikanayo anatembenukira kwa bambo ake.

"Adadi, ndinyamuka pakatha masabata awiri, Lolemba. Loweruka likubwerali ndili pa ntchito. Linalo ndikwera komaliza. Mukafuna mubwere. Sindikukakamizani, ndipo sindidzakufunsaninso."

Sananene mokwiya. Akanakwiya bwenzi zili bwino, a Kadontho akanadziwa poyankhira. Ananena mofatsa ngati mmene amauzira wodwala kuti abwerenso Lachitatu, n'kunyamula mbale kupita nazo kusinki. Mawuwo anawalasa mtima. Anazindikira kuti mwana wawo wasiya kuyembekezera, ndipo anachita mantha.

"Zengerezu analinda kwawukwawu," anatero akazi awo chapansipansi, akupukuta tebulo.

"Ndipita."

"Ndamva. Makutu anga ndi omwewa a zaka zonsezi."

Za mpweya ndi mawondo sanade nazo nkhawa, poti munthu wokwera padenga tsiku ndi tsiku saopa chitunda. Chimene chinawasowetsa mtendere ndi mapazi. Kamphepo ankabwerako kuphiri nsapato zili matope okhaokha, masokosi ochita kufinya. A Kadontho anatulutsa jombo zawo za labala n'kuyamba kuziyang'ana, akazi awo n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Mukakwera phiri kapena mukatsegula ngalande? Mufunseni mwanayo, akuuzani zogula."

"Ine ndifunse mwana za madzi? Ine?"

Ankafunanso kumudzidzimutsa. Ankafuna kuti m'mawa wa tsikulo atuluke m'chipinda n'kuwapeza atavala kale, osati ayambenso kulonjeza kudzera m'mafunso. Malonjezo anali atachuluka kale. Pamenepa tiwaikire kumbuyo pang'ono, maganizo anali abwino. Koma safunsa anadya phula.

Shopu ya nsapato zamasewera ili m'kanjira kopanikiza, pakati pa famase ndi wokonza mafoni. Anapitako Lachiwiri madzulo ataweruka, ovololo ili m'thupi. Mkatimo nsapato zinali m'mashelefu mpaka kudenga, za mitundu yoti munthu wamkulu angachite nayo manyazi, ndipo pakona panali thabwa lotsetsereka ndi kabokosi ka miyala koyeserapo. Mwini shopu anali mayi wochepa thupi wa imvi zapatalipatali, wa miyendo yooneka kuti nayenso sakhala pansi.

"Ndikufuna nsapato zokwerera phiri zosalowa madzi."

"Mwabwera nthawi yabwino, bambo. Madzulo phazi limakhala litatupa, ndiye sitinamizana saizi. Phiri lake liti?"

"Phiri ndi phiri."

"Kuli chiyani? Miyala, matope, udzu wa mame? Kuli mitsinje yowoloka?"

A Kadontho sankadziwa, ndipo kusadziwako kunawachititsa manyazi, chifukwa phirilo amaliona tsiku lililonse ali pakhonde pawo. Manyazi a munthu wamkulu amatuluka ngati ukali.

"Mayi, ine ndanena zosalowa madzi. Zinazo ndikaonera komweko."

Mayiyo sanakhumudwe, anthu otere anawazolowera. Anatsitsa mapeyala awiri. Zoyamba zinali ndi kansalu kopyapyala kosokerera mkati, kamene kamatchinga madzi. Mame salowa, anatero, chithaphwi chosazama sichilowa, kamvula kowaza sikalowa. Koma zimatentha, ndipo madzi akalowera pamwamba, pa kakolo, alibe kotulukira. Zachiwiri zinali za nsalu ya timabowo ngati ukonde. Izi zimanyowa msanga, koma madzi amatuluka ukamaponda, ndipo zimauma uli paulendo.

Pa zonsezo a Kadontho anangotolapo chimodzi. "Ndiye kuti izi zimadontha, inu mukudziwa, n'kumagulitsa dala?"

"Sizidontha, bambo, zimataya madzi."

"Kwathu ku ntchito chimenecho timachitcha kudontha."

Pa saizi anakanganapo ndithu. A Kadontho ankafuna yothina gwa, chifukwa kwa iwo cholumikizira chogwedera ndicho chiyambi cha mavuto onse. Mayiyo anati kutsogolo kwa zala kuzitsala malo okwana chala chamanthu, ndipo anawakweza pa thabwa lija kuti atsike nalo. Zala zinagunda kutsogolo, nkhope n'kukwinyika. Apa anagonja n'kulandira saizi yokulirapo. Anatembenuza nsapato n'kuyesa mano a kunsi ndi chikhadabo, anaponda pa miyala, analolanso masokosi opyapyala amene sasunga thukuta. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa botolo la madzi.

"Bambo! Mukutani?"

Anali atathira kale. Anadzaza nsapato ya kumanja mpaka m'khosi, n'kuikhazika pa nyuzipepala pa kauntala, n'kuyang'ana wotchi.

"Thanki timaiyesa chonchi. Umaidzaza, n'kudikira. Zolemba pa katoni aliyense angalembe."

Mayiyo anangoima, manja m'chiuno. Wokonza mafoni anasuzumira pakhomo, n'kukaitana wa ku famase. Anthu anayi akuluakulu anaima kuyang'anira nsapato mphindi khumi. Itakwana nthawi a Kadontho anainyamula mosamala, nyuzipepala ili youma gwa, nkhope yawo n'kuwala.

"Ntchito yabwino iyi. Amene anasoka izi ndikanamutenga tizigwira limodzi."

"Koma mwaona, bambo, kuti madziwo akadali momwemo?"

"Ndiye ubwino wakewo."

Mayiyo anapukusa mutu n'kuyamba kukulunga, poti nsapato yonyowa sakanaibwezeranso pa shelefu. Anawapatsa malangizo awiri: azivale tsiku lililonse kuti zizolowere phazi, ndipo afunse amene akupita nayeyo ngati kuli mitsinje. Loyambalo analitsata.

M'mawa uliwonse Kamphepo akangotuluka pageti, iwo ankazitulutsa m'bokosi la zitsulo n'kuyamba kuzungulira nyumba. Ankaponda dala pa kapinga wa mame, ankatsegula mpope wa panja n'kuima pa chithaphwi, kenako n'kuvula kukaonetsa akazi awo sokosi.

"Tagwirani. Gwirani, musaope."

"Ndinagwira dzulo."

"Lero ndi lero."

Lachisanu anaimbira pulambala mnzawo, amene kumbali amamunena kuti amamanga mapaipi ngati akumanga nkhuni, n'kumusiyira makasitomala onse a mawa lake. Loweruka m'mamawa anapereka foni kwa akazi awo, amene anaiponya m'thumba la epuloni. Kamphepo potuluka anawapeza pakhonde, atavala kabudula wosiyidwa ndi mwana wawo wamkulu, chipewa kumutu, botolo m'manja. Anaima. Anayang'ana nkhope, maso n'kutsikira ku nsapato, n'kutsegula pakamwa ngati anene kanthu, n'kutsekanso.

"Zokongola, Adadi. Tiyeni."

Anzake a gulu anali atanyamuka kale pamene awiriwa ankafika m'tsinde mwa phiri. Kamphepo anachedwa dala, kuti bambo ake asadzipanikize pofuna kufanana ndi anthu. Kanjira kanayamba mu udzu waufupi wolemera ndi mame. Mphindi zisanu zisanathe nsapato za mtsikanayo zinali zitada ndi madzi. Za a Kadontho madzi ankangogubuduzika pamwamba ngati pa nthenga za bakha, ndipo anayamba kuyenda monyang'wa.

"Zala zako zili bwanji kumeneko?"

"Zanyowa, Adadi."

"Pepa. Ukanandifunsa."

Mtsikanayo anangomwetulira. Atafika pamalo a chidikha miyendo inamuyabwa, n'kupempha kuti athamange pang'ono mpaka pa mtengo wouma n'kubwerera. A Kadontho anaima kumuyang'ana. Anali asanamuonepo akuthamanga chichokereni ku pulayimale, ndipo anadabwa kuona mmene ankasankhira popondera pakati pa miyala osayang'ana n'komwe pansi. Atabwerera, bambo ake sananene kuti achita chidwi. M'malo mwake anayamba kulalikira za ubwino wogula chinthu utachiyesa, wefuwefu ali pakati, ndipo anapondanso dala zithaphwi ziwiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mtsinje anaumva asanauone. Unali waung'ono, koma mvula ya Lachinayi inali itamiza miyala yopondapo, madzi n'kufika pakati pa msongolo. Kamphepo sanaime n'komwe. Analowa ndi nsapato zomwe, phava phava, n'kutulukira tsidya.

"Mlatho uli kuti?"

"Kulibe. Ndipo tiwoloka katatu."

"Katatu!"

"Musavule, Adadi. Pansipa pali miyala yakuthwa, ndiponso poterera."

A Kadontho anayenda chokwera, anayenda chotsika, kufunafuna pouma. Anapeza miyala itatu yotulutsa mitu. Woyamba unawalandira, wachiwiri unagwedera, wachitatu sanaufike. Chubwi! Miyendo yonse iwiri. Anamva madzi ozizira akutsikira pa kakolo, kudzaza chidendene, mpaka kufika ku zala zimene zinali zisanalawe madzi a panja kwa zaka makumi atatu.

Tsidya linalo kusiyana kunaoneka. Nsapato za Kamphepo zinkalavula madzi akangoponda, posakhalitsa n'kupepuka. Za bambo ake zinachita zimene anazigulira, sizinataye ngakhale pang'ono. Anakhala pansi, anakhuthula, anafinya masokosi. Kansalu ka mkati kanakhalabe konyowa, dzuwa likukwera, phazi n'kuyamba kuphikika. Powoloka kachiwiri sanavutike n'kufuna miyala, anangolowa akukukuta mano, n'kukhuthulanso. Pofika pa chitunda cha pambuyo pake khungu linali litafewa, chidendene cha kumanzere chikuyaka, ndipo mwendo uliwonse unkalemera ngati amangirira njerwa. Ulaliki unali utatha kalekale. Anakhala pa mwala, anavula, n'kupeza thuza lalikulu, zala zitayera ndi kukwinyika. Ataziona zalazo anakumbukira miyezi iwiri ija.

Kamphepo anagwada n'kuyang'ana phazilo monga wa kuchipatala.

"Kwatsala kuwoloka kamodzi, kenako kanjira kamatsata khwawa, monyowa mokhamokha. Tibwerere, Adadi. Mwayesetsa. Mwafika kutali kuposa mmene ndimaganizira."

Anali mawu ofatsa omwe aja a pa tebulo. Mwanayo anali atawakhululukira kale asanalephere n'komwe, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa thuza. Akabwerera pano, Lolemba mwanayo akakwera basi akudziwa kuti ali ndi bambo amene anayesetsa. A Kadontho sanafune kukhala bambo woyesetsa.

"Tandipatsa nsapatoyo."

Anaitembenuza uku ndi uku, osati ngati mwini wake tsopano, koma ngati aitanidwa kudzaona vuto m'nyumba ya munthu wina. Anaisuzumira mkati. Anaipendeketsa, timadzi n'kusonkhana pakati, cha m'mbali, pamene phazi limapindikira.

"Amene anasankha thanki iyi ndi chitsiru," anatero. "Polowera alipo, potulukira palibe."

"Anasankha ndani?"

"Usafunse zambiri."

Anapisa m'thumba. Ngakhale anali kabudula wobwereka, msomali unali utalowamo kale. Anatola mwala, n'kugoneka nsapato pa chitsa.

"Adadi, zatsopanotu izo!"

"Ndikudziwa. Tayang'ana kumbali."

Anaika nsonga ya msomali m'munsi, pamwamba pang'ono pa labala, n'kuima kaye. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akutseka mabowo! Dzanja linakana kawiri. Kachitatu anamenya, kho, msomali n'kulowa, ndipo anaupukusa kuti bowo likule. Anaboola anayi nsapato iliyonse, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Pamene ankatero Kamphepo anapukuta chidendene chija n'kumatapo pulasitala yochokera m'kachikwama kake ka m'chiuno.

"Mayi wa m'shopu anandiuza," anatero a Kadontho osadzutsa mutu.

"Inenso ndinaona m'mawa pakhonde paja."

"Bwanji sunanene?"

"Ndimaopa kuti mukalowa m'nyumba kukasintha simutulukanso."

A Kadontho anavala nsapato zija. Anamanga zingwe, n'kuimirira.

Powoloka kachitatu analowa pakati penipeni ngati ng'ombe. Atatuluka anaponda kamodzi, timadzi n'kuthamanga m'mabowo mbali zonse. Anapondanso, tinanso n'kutuluka.

"Zikudontha! Kamphepo, taona, zikudontha!"

Chibadwire anali asanatchulepo mawu amenewo akumwetulira. Mapazi sanaume, tisanamizane, ndipo thuza silinasiye kuyaka. Koma njerwa zija zinachoka, ndipo anayamba kukwera khwawa pang'onopang'ono, mwana patsogolo, iwo pambuyo, akupuma pa mtengo wachitatu uliwonse.

Ali m'khwawamo anayamba kukumana ndi a gulu aja akutsika. Woyamba, bambo wamtali wa ndevu zaimvi, ankati adutse paliwiro, koma anaima mwadzidzidzi mpaka timiyala kugubuduka.

"Iwe, awa ndi amene aja? A Kadontho enieni?"

"Ndi omwewa," anatero Kamphepo.

Bamboyo anawapatsa moni wa manja awiri. "Ife tinayamba kuganiza kuti mwanayu anangokupekani. Zala zija zinapola?"

A Kadontho anayang'ana mwana wawo, iye n'kuti akuyang'ana mitengo. Anabwera ena, awiriawiri, atatuatatu, thukuta lili kamukamu, ndipo aliyense ankaima. Mayi wina wa chipewa chofiira anafunsa ngati n'zoona za sipanala ya m'jekete ya kutchalitchi. Wina anati anasiya kuthira mafuta ophikira m'sinki chifukwa cha malangizo awo, amene anawamvera kwa Kamphepo. Anthu oti sanawaonepo chibadwire ankadziwa mmene amayanikira jombo. Pambuyo pa onse kunatsika mayi wochepa thupi wa imvi zapatalipatali, mwini shopu uja. Anawayang'ana nkhope, anayang'ana nsapato, n'kuwerama kuwerenga mabowo ndi chala.

"Bambo, zoboola kale zinalipotu m'shopu muja."

"Izi ndaboola mwaukatswiri, mayi."

Anatsika akuseka mpaka mawu ake kuzimiririka m'mitengo.

Pamwamba anafika dzuwa lili paliwombo, anthu onse atapita. Panali thanthwe lalikulu losalala, pozizira bwino. A Kadontho anadzigwetsa pansi, anavula nsapato ndi masokosi n'kuziyanika, mapazi n'kuwalozetsa kudzuwa. Atapeza mpweya anadzutsa mutu n'kuona tauni yonse ili pansi pawo, misewu, msika, chipatala, madenga ofiira ndi otuwa. Ena akafika apa amaona kukongola. Iwo anaona mathanki.

"Iyo yobiriwira pafupi ndi sukuluyo ndinaika ine. Iyo ya pa nsanja yaitaliyo, ine. Ziwiri zakudazo, ine, koma mwini wake ndi wovuta."

Kamphepo anakhala pambali pawo atakumbatira mawondo.

"Ndikuzidziwa, Adadi. Pano ndi pamene ndimakhala. Anzanga akamajambulana uko, ine ndimayang'ana mathanki. M'mawa ndimakumvani mukuyankha foni, ndiye ndimadziwa dera limene mwapita. Ndikafika pano ndimafufuza denga lililonse, kuti mwina ndiona kamunthu ka ovololo."

"Loweruka lililonse?"

"Lililonse."

A Kadontho anayesa kuwerengera masiku a Loweruka a zaka zisanu ndi chimodzi, n'kusiyira panjira. Masiku onsewo iwo ali padenga la munthu wina, msana kuphiri, mwana wawo ali pano kuwafunafuna. Anamva chisoni, anamva manyazi, ndipo anamukonda mwanayo kwambiri moti anasowa poika manja.

"Unandipezapo?"

"Kamodzi. Chaka chatha, pa nyumba ya denga labuluu iyo, kuseri kwa msika. Kanali kakang'ono ngati nyerere. Ndinakweza mkono, nako kanakhala ngati kakweza. Koma kutaliku, mwina simunali inu."

A Kadontho anayang'ana denga labuluulo nthawi yaitali. Nyumbayo sankaidziwa. Sanakwerepo chibadwire, ndipo thanki yake inakhala mokhota, ntchito yoti iwo sangaigwire ngakhale ali m'tulo.

"Ndinali ine," anatero.

Kamphepo anatsamira mutu paphewa pawo, ndipo anakhala choncho mpaka masokosi anauma.